Ndalama zotsitsira mtengo wa sola ndi mbaula: zimachokera kuti, nanga zimathera pati?

Damu la Cahora Bassa, lomwe makina ake amatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, lili m'chigawo chathu chino cha Tete. Migodi ya malasha ya ku Moatize ilinso konkuno. Koma fikani ku Domwe, ku Tsangano kapena m'midzi ya ku Macanga dzuwa litalowa. M'nyumba zambiri mupeza tochi ya mabatire itapachikidwa kudenga, nsima ikuphulidwa pa mafuwa. Gawo lalikulu la magetsi a ku Songo, komwe kuli damulo, limapita ku South Africa, malasha nawo amakwera sitima kulowera kudoko.

Mabungwe akunja akamakamba zochepetsa mpweya wa kaboni wochokera m'nyumba zing'onozing'ono, kwawoko amanena za makina otenthetsera nyumba m'nyengo yachisanu. Kuno nkhani yake ndi moto wa kukhitchini, kuunika kwa usiku, ndiponso, kwa amene ali ndi mita yogulira magetsi pasadakhale ya Credelec, kusiyako makala n'kumaphikira zina pa magetsi. Banja la ku Angonia si limene lasokoneza nyengo, ayi. Mpweya wochokera ku mafuta ndi malasha, munthu mmodzi wa ku Mozambique satulutsa ngakhale theka la tani pachaka, pomwe wa ku America amapyola matani 13. Chimene chimatikhudza ife ndi utsi, nkhuni zomwe zikutalikira chaka ndi chaka, ndi ndalama zothera pa mabatire ndi makala. Bungwe la WHO limawerengera kuti utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka padziko lonse.

Ndalama zothandizira zilipo ndithu. Kungoti sizibwera ngati makuponi, ndipo mwini nyumba sazigwira m'manja. Zimabisala mu mtengo wa katundu, zitadutsa kale m'manja mwa anthu anayi kapena asanu. Wodziwa njira yomwe zadzera ndiye angathe kuona ngati mtengo womwe akumuuza watsikadi.

Chifukwa chake nyumba yaing'ono imalipira zambiri

Sola ya mababu atatu, mukaiwerengera zaka zisanu, ndi yotchipa kuposa kugula mabatire a tochi ndi kulipira kotchajitsa foni sabata ndi sabata. Chovuta n'chakuti mabatire amagulidwa awiriawiri, pomwe sola imafuna ndalama yonse tsiku limodzi. Mlimi amagwira ndalama yochuluka kamodzi pachaka, akagulitsa fodya, soya kapena mbatatesi, ndipo ndalamayo imapeza feteleza, malata ndi za sukulu zikuidikirira kale.

Chachiwiri sichionekera kwa wogula. Katunduyu amagulidwa kunja ndi madola, amatsikira ku Beira kapena ku Nacala, amalipiridwa kasitomu, ndipo ambiri mwa iye amagwa m'gulu lolipira msonkho wa IVA, womwe kuyambira 2023 uli pa 16 peresenti. Kenako galimoto imamufikitsa ku Tete, wina n'kumunyamula pa njinga yamoto mpaka kumudzi. Petulo wa njingayo ndi yemweyo kaya akukaika sola yaikulu ya wayilesi yakanema kapena kakang'ono ka mababu awiri. Tsiku la mmisiri ndi lomwelo. Foni yokumbutsa ngongole ndi yomweyo. Pa sola yaikulu zimenezi zimamira mu mtengo, koma pa yaing'ono zimatha kudya phindu lonse. N'chifukwa chake makampani, akasiyidwa okha, amaunjikana m'mbali mwa msewu wa ku Zobue ndi wa ku Calomue, n'kumagulitsa kwa aphunzitsi, anamwino ndi eni magolosale. Thandizo lonse lomwe tikukambali cholinga chake n'kutseka mabowo awiri amenewa.

Kulipira kampani itagwira kale ntchito

Njira yomwe mabungwe ambiri akonda masiku ano ndi yakuti ndalama ituluke katundu atafika kale panyumba. Pulogalamu ya BRILHO, yomwe inayamba mu 2019 ndi ndalama za boma la Britain, kenako ndi za Sweden, moyendetsedwa ndi bungwe la SNV, inagwiritsa ntchito njira imeneyi pa sola zam'nyumba, mbaula ndi timagetsi ta m'midzi. Thumba la FASER, lomwe bungwe la FDC limayendetsa mothandizana ndi bungwe la ku Germany la GIZ, limayendanso chimodzimodzi. Kumbali ya boma kuli FUNAE, yomwe inakhazikitsidwa mu 1997 kuti iziona za mphamvu m'madera omwe nthambo za kampani ya magetsi ya EDM sizinafike.

Zimayenda motere. Thumba limalengeza kuti pa sola iliyonse yovomerezeka kapena mbaula iliyonse yogulitsidwa m'dera lakutilakuti lidzapereka ndalama yakuti. Kampani imafunsira, ikavomerezedwa imagula katundu ndi ndalama zake kapena zangongole. Ikagulitsa imalemba dzina la wogula, nambala ya foni, nambala ya katunduyo ndi malo enieni a nyumba pa GPS. Pakapita miyezi, woyendera wosakhala wa kampaniyo amasankha mayina ena pa mndandanda, amaimba foni, ena amawafikira pakhomo. Akapeza kuti katundu alipodi ndipo akugwira ntchito, m'pamene thumba limalipira.

Ubwino wake ndi woonekeratu: ndalama siipita ku katundu wongolembedwa pa pepala. Koma onani amene angakwanitse kudikira. Kampani yaikulu yokhala ndi abwenzi ku Ulaya imapirira miyezi isanu ndi umodzi isanalandire kanthu. Gulu la amayi oumba mbaula ku Ulongwe silingathe, chifukwa ndalama ya nkhuni zootchera ndi ya ngolo ikufunika lero. Woyendera akaimba foni n'kupeza yozima, kapena mudziwo netiweki yake ndi ya ku Malawi monga zimakhalira m'malire, dzinalo limatha kuchotsedwa ndipo kampani imaluza. Ikaluza kawiri katatu imaphunzira kupewa midzi yotero. Matumba ena amawonjezera ndalama pa nyumba zakutali kapena za amayi okhala okha pofuna kukonza zimenezi. Maganizo ake ndi abwino, koma amaphula kanthu pokhapokha chowonjezeracho chikakwaniradi mtengo wa ulendo wa m'dzinja, mlatho utakokoloka.

Chinanso n'chakuti ndalama za mabungwe zili ndi tsiku lothera. Mu 2025 boma la America linatseka ntchito zambiri za USAID, ndipo la Britain linalengeza kuti lichepetsa thandizo lake lakunja. Kampani imene mtengo wake wonse unatsamira pa sabuside, ndalama yotsitsira mtengo ija, thandizo likatha imakweza mtengo kapena imatseka ofesi, ogula n'kutsala ndi katundu wopanda womukonza.

Ngongole ya pa foni

Sabuside imatsitsa mtengo, koma yotsalayo imakhalabe yaikulu. Apa m'pamene pamabwera njira yolipira pang'onopang'ono kudzera pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. M'bokosi la batire muli kachipangizo kowerenga masiku. Mukalipira, mumalandira manambala pa foni oti mulowetse, kapena bokosilo limatseguka lokha ngati lili ndi simukhadi. Masiku akatha, magetsi amazima ngakhale batire lili lodzaza.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti masamu aoneke. Sola ya mametikali 15,000 pa kashi, akukuuzani kuti mupereke 1,500 poyamba, kenako 25 patsiku kwa zaka ziwiri. Masiku 730 kuchulukitsa ndi 25 ndi 18,250, kuphatikiza 1,500 ija zikukwana 19,750. Mwalipira 4,750 pamwamba. Imeneyi si kuba kwenikweni: m'menemo muli chiwongoladzanja cha ngongole yomwe kampani inatenga, malipiro a otolera ndalama, ndi gawo la anzanu amene sadzamaliza kulipira. Koma wogula ayenera kuuzidwa nambala yonseyo, ndipo ogulitsa ambiri amangotchula 25 ija basi chifukwa imamveka ngati mtengo wa mandasi.

Musanadinde chala kapena kusaina, funsani kuti zonse pamodzi zikwana zingati, chimachitika n'chiyani mukalephera kulipira mwezi wathunthu, ngati masiku omwe magetsi anazima amawerengedwabe ngati ngongole, ndiponso ngati mungathe kulipiriratu miyezi ingapo nthawi yokolola. Funso lomalizali ndilo lalikulu kwa mlimi. Ngongole ya tsiku ndi tsiku inakonzedwera munthu wolandira ndalama tsiku ndi tsiku. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe itapepuka ndipo ndalama iliyonse ikupita ku chimanga, ndi pamene mabokosi ambiri amazima. Amene walipiriratu mu Juni ndi Julayi amadutsa miyezi imeneyi nyale ikuyaka. Magulu a banki m'khonde ndi a chipereganyu amathandizanso pano, chifukwa gulu likabwereketsa membala ndalama yogulira pa kashi, 4,750 ija imatsala m'mudzi momwemo.

Kukula kwa sola nakonso kumasokoneza ambiri. Panelo ya mawati 50, pa dzuwa lamphamvu la maola pafupifupi asanu, mutachotsa zotayika m'mawaya ndi m'batire, imakupatsani mawati-ola (mawati kuchulukitsa ndi maola) pafupifupi 175 patsiku. Mababu anayi a mawati 3 akayaka maola asanu adya 60. Mafoni awiri, 20. Wayilesi, 20. Wayilesi yakanema yaing'ono ya mawati 20 kwa maola anayi, 80. Zonse pamodzi 180, kutanthauza kuti mwafika kale pamlomo, ndipo tsiku la mitambo mpira uthera pakati. Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri pafupifupi 15, kutali ndi mthunzi wa mango, ndipo m'chilimwe izipukutidwa fumbi sabata iliyonse. Mbaula yamagetsi ya mawati 1,000 ingamalize mphamvu ya tsiku lonse m'mphindi khumi. Sola yam'nyumba siphika nsima, ndipo aliyense wokuuzani zina akufuna ndalama yanu chabe.

Mapanelo a pamsika, monga amene amayalidwa m'misika ya m'malire, amatchipa chifukwa palibe amene amayankhapo. Chikwangwani chimatha kunena mawati 100 koma panelo ikupereka theka. Matumba a thandizo amafuna katundu woyezedwa pa muyezo wa VeraSol, womwe umalamula waranti ya chaka chimodzi pa nyale zing'onozing'ono ndi zaka ziwiri pa sola zam'nyumba. Risiti ndi pepala la waranti zisungidwe pamodzi ndi makhadi a kuchipatala.

Kaboni weniweni ali kukhitchini

Ndalama zambiri ndi chidwi chambiri zapita ku kuunika, koma mpweya wochuluka wa nyumba ya kumudzi umatuluka pansi pa mphika. Pa mafuwa, kutentha kofika m'chakudya kumakhala pakati pa 10 ndi 15 peresenti chabe, kwina konseko kumathawira m'mbali. Makala ndiwo amawononga koposa, chifukwa uvuni wa dothi umadya nkhuni zolemera kasanu mpaka kakhumi kuposa makala amene umatulutsa. Thumba lililonse la makala lomwe likutsika pa njinga kulowera ku Moatize ndi ku Tete lasiya chitsa kwinakwake.

Mbaula yadothi, ngati Chitetezo Mbaula yomwe ambiri aiona kwa abale a ku Dedza ndi ku Ntcheu, imasunga moto pamalo amodzi n'kuulozetsa ku mphika. Yoummbidwa bwino ndi yogwiritsidwa ntchito bwino imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni. Mawu akuti bwino ndiwo ali ndi nkhani. Dothi liyenera kuchotsedwa miyala ndi kuvundikiridwa masiku angapo lisanaumbidwe. Mbaula iume pamthunzi pang'onopang'ono, chifukwa youmira padzuwa imang'aluka mu uvuni. Mpata wa pakati pa mphika ndi mlomo wa mbaula ukhale ngati kunenepa kwa chala: ukachepa moto umatsamwa n'kufuka utsi, ukakula kutentha kumathawa. Nkhuni zikhale zouma, zowazidwa, ziwiri kapena zitatu basi. Wolowetsa chipika chachiwisi amabwezera utsi wonse uja.

Nanga ndani amalipira kuti mbaula yotere ifike pakhomo motchipa, mwinanso mwaulere? Kawirikawiri ndi ogula makirediti a kaboni. Kirediti imodzi ikuimira tani imodzi ya mpweya yomwe sinapite kumwamba. Kampani ya ndege kapena ya mafuta ku Ulaya imagula makireditiwa kuti inene kuti yabweza zomwe yaipitsa. Mabungwe monga Gold Standard ndi Verra ndiwo amalemba malamulo owerengera ndi kusunga kaundula. Mozambique si mlendo pa malonda amenewa: mu 2021 linali dziko loyamba kulandira malipiro kuchokera ku thumba la nkhalango la World Bank, madola 6.4 miliyoni pa matani 1.28 miliyoni a ku Zambézia. Zimenezo zinali za kuteteza nkhalango osati za mbaula, koma zikutipatsa mtengo woti tiyerekezere, madola 5 pa tani.

Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono, chifukwa chinyengo chonse chimabisala m'masamu awa. Tinene kuti banja limatentha makilogalamu 10 a nkhuni patsiku, ndiye 3,650 pachaka. Mbaula ikapulumutsa gawo limodzi mwa atatu, apulumuka makilogalamu pafupifupi 1,200. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera pafupifupi makilogalamu 1.75, choncho tapeza matani 2.1. Koma si onse amene amawerengedwa. Nthambi yodulidwa pa mtengo womwe uphukenso, mpweya wake umabwerera mu mtengowo. Amawerenga gawo lokhalo la nkhuni zochokera kumene mitengo ikutha osabwerera. Mukanena kuti gawolo ndi 30 peresenti, mwatsala ndi matani 0.6, omwe pa madola 5 ndi madola atatu, kapena mametikali pafupifupi 200 pachaka. Mukanena kuti ndi 90 peresenti, mwapeza matani 1.9, mametikali pafupifupi 600. Mbaula ndi yomweyo, mayi ndi yemweyo, nsima ndi yomweyo, koma ndalama yachuluka katatu chifukwa cha nambala imodzi yolembedwa mu ofesi.

Nambala ina yosavuta kuikoka ndi ya kagwiritsidwe ntchito. Woyendera amafika ndi pepala n'kufunsa kuti, "Amayi, mbaula ija mukuphikirabe?" Mayi waulemu wake, poona mlendo amene anamupatsa chinthu chaulere, ayankha kuti, "Eya bambo, tsiku lililonse." Mbaulayo ili kuseri kwa nkhokwe, nkhuku ikuikiramo mazira. Sikuti mayiyo ndi wabodza, koma funsolo ndi lomwe lili lopusa. Ku mapiri a Angonia ndi Tsangano mu Juni ndi Julayi banja limafuna kuotha, ndipo mbaula yosunga kutentha mkati siothetsa ana. Mphika wa thobwa, wa pamaliro kapena wa madzi osamba sukwanapo. Choncho mabanja ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, mbaula ndi mafuwa, ndipo nkhuni zopulumuka zimakhala zochepa kuposa za pa pepala.

Mu Januwale 2024 akatswiri a ku yunivesite ya California ku Berkeley anasindikiza kafukufuku mu magazini ya Nature Sustainability wosonyeza kuti mapulojekiti a mbaula omwe anawaunika analandira makirediti ochuluka pafupifupi ka 9 kuposa mpweya womwe anapulumutsadi. Makampani ena anatsutsa kawerengedwe kawo, koma ogula anachita mantha. Chaka chomwecho akuluakulu akale a kampani ina yaikulu ya mbaula, yomwe inkagwiranso ntchito ku Malawi, anaimbidwa mlandu ku America woti ankasintha manambala a kafukufuku. Zotsatira zake n'zakuti malamulo akukhwima. Tsopano ogula osamala amafuna kuti nkhuni ziyezedwe pa sikelo m'nyumba zosankhidwa kwa masiku angapo, kapena pa mbaula pamatidwe kachipangizo kolemba kutentha kuti zidziwike kuti yayatsidwa kangati. Ife tikuona kuti kukhwimitsaku n'koyenera, ngakhale kuli ndi mtengo wake: kuyeza moona kumadula, makirediti amachepa, ndipo mbaula zaulere zidzasowa. Komabe mbaula yogula ndi ndalama yochepa, yomwe mwini wake wasankha yekha, imasamalidwa kuposa yongotayiridwa pakhomo ndi galimoto yodutsa.

Pali pepala limodzi lomwe anthu ambiri amadinda osaliwerenga. Polandira mbaula, mumavomereza kuti makirediti onse ochokera pa mbaulayo ndi a kampani. Si cholakwa mwa icho chokha, chifukwa banja limodzi silingagulitse matani 0.6 ku Ulaya. Koma ndi malonda, ndipo wogulitsa ali ndi ufulu wofunsa. Mgwirizanowu ndi wa zaka zingati? Mbaula ikasweka, popeza yadothi imatha m'zaka zochepa, abweretsa ina? Pali gawo la ndalama lobwerera kumudzi, nanga lidzadzera kwa yani? Mafunso amenewa amayenera kufunsidwa pabwalo, anyakwawa ndi anthu onse alipo, galimoto isanatsitse katundu. Ndipo banja lisalembetse mbaula kwa makampani awiri, chifukwa zikadziwika mudzi wonse umatha kuchotsedwa pa kaundula.

Chenjezo limodzi lokhudza moyo: mbaula ya makala, kaya yamakono kaya yakale, isagone m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo ngozi zotere zimachuluka m'miyezi yozizira yomweyi.

Kwa amene nthambo zawafika

Boma linakhazikitsa pulogalamu ya Energia para Todos mu 2018 ndi cholinga choti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, ndipo World Bank ndi mayiko ena akuthirapo ndalama. Kumapeto kwa 2020 kunalengezedwa kuti mabanja atsopano asamalipirenso ndalama yolumikizira. Chotsala kwa mwini nyumba ndi mawaya a m'kati, ndipo pamenepa m'pamene ambiri amakakamira, pholo la magetsi lili pakhomo penipeni. Kumadera akutali, lamulo la 93/2021 linatsegula njira yoti makampani amange timagetsi ta sola ta mudzi umodzi moyang'aniridwa ndi ARENE, bungwe la boma loona za malamulo a mphamvu. Yuniti yake imadula kupanga kuposa ya EDM, choncho popanda thandizo pa zomangamanga mtengo wake sungapiririke.

M'tauni ya Tete, ku Moatize ndi ku Ulongwe, chida chomwe chingachepetse makala mooneka ndi poto wamagetsi wotseka mpweya. Amakoka mawati pafupifupi 1,000, koma akangofika pa mphamvu yake amadzizimitsa yekha n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Nyemba zomwe zimadya makala maola awiri kapena atatu zimapsa ndi theka la yuniti kapena kucheperapo. Tengani risiti yanu ya Credelec, gawani ndalama ndi mayuniti kuti mupeze mtengo wa yuniti imodzi, theka lake muliyerekeze ndi mulu wa makala womwe mumagulira nyemba. Popeza magetsi a kuno ambiri ndi a madzi, mpweya wake ndi wochepa kwambiri. Pa nsima potoyu ndi wovutirako chifukwa kuvundula kumafuna chivundikiro chotsegula ndi mphika wokhazikika, choncho mabanja ambiri amamusiyira nyemba, nyama, mpunga ndi makaka. Soketi yake ikhale ya waya wa masikweya milimita 2.5 ndiponso yolumikizidwa ku nthaka. Kumulumikiza ku waya wa babu kapena ku ekisitenshoni yotchipa ndiko kumasungunula mapulagi. Chotchinga cha potoyu ndi chomwe chija, mtengo wogulira tsiku loyamba. Koma pano ndalama za kaboni zili ndi poimira polimba, chifukwa magetsi amene potoyo wadya amayezeka ndi mita, palibe zofunsa mayi ngati akuphikirabe. Kafukufuku wa ku Berkeley uja anapezanso kuti mapulojekiti oyeza ndi mita ndiwo anali pafupi ndi zoona.

Gasi wa m'masilinda amachotsa utsi m'khitchini ngakhale ndi mafuta a pansi pa nthaka. Vuto lake kuno ndi mtunda wokadzazitsa ndi ndalama yoyamba ya silinda, moti kunja kwa matauni sitingamuwerengere.

Chaka chachisanu

Pafupifupi matumba onse amalipira pa kugulitsa. Ochepa ndiwo amalipira kuti chinthu chikhale chikugwirabe ntchito patapita zaka. Panelo yabwino imatha zaka makumi awiri, koma batire ayi. La asidi, lofanana ndi la galimoto, likamatsitsidwa kupyola theka usiku uliwonse limafa chaka chimodzi kapena ziwiri zisanathe, ndipo kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi, komwe mu Okutobala kumapyola madigiri 40, kumalifulumizitsa. La lithiamu limapirira zaka zisanu kapena kuposerapo, bola lisaikidwe pansi penipeni pa malata kapena pafupi ndi moto. Likafa, ngongole inatha kale, waranti inatha kale, pulogalamu yomwe inatsitsa mtengo mwina inatseka. Mabokosi ambiri a ngongole ya pa foni ndi omata, ndipo batire lake silipezeka pa golosale.

Choncho pogula funsaninso kuti batire latsopano ndi ndalama zingati, limapezeka ku Tete kapena mpaka ku Maputo, ndipo ndani ali ndi chilolezo chotsegula bokosilo. Ngongole ikatha, pitirizani kuika pambali ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama yomwe munkalipira patsiku. Pa chitsanzo chathu chija ndi mametikali 6 patsiku, omwe m'zaka zitatu akwana 6,570. Batire lakufa la asidi lisaswedwe pakhomo kapena kutayidwa m'dzenje la zinyalala, chifukwa mtovu wake umalowa m'dothi momwe ana amasewera. Libwezeni kwa wogulitsa kapena kwa ogula mabatire akale, lili lotseka, asidi wake asanatayidwe.